Motoka Imene Inkanditsina

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, miyendo ngati mapesi, nsapato za pa Sondo pokha, pamene motoka ija inalowa pabwalo pathu ku Kabwata. Lero ndili ndi adzukulu odzaza mphasa, ee, odzaza mphasa mpaka wina kukhalira padothi, ndipo ndimaseka kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa. Koma ndikaikumbukira motoka imeneyo, ubweya wa pamkono umaimirira wokha ngati ana a sukulu aphunzitsi akalowa.

Amama anali atatisiya mvula itangoyamba, ndipo tsopano mvula inali kutha. M'nyumba tinatsala awiri, ine ndi atate. Atate anali munthu wa mawaya a motoka. Hutala ikakana kulira, malaiti akakana kuyaka, anthu ankakankhira motoka zawo pansi pa mtengo wathu wa mango. Kulankhula sanali olankhula, koma chipitire amama mawu awo anachepa mpaka kutsala "idya" ndi "kagone". Ine kulira sindinalire, ngakhale kumanda. Azimayi ankati mwana uyu ali ndi mtima wamwala.

Anabweretsa motokayo anali ba Mwanza, mkulu wa mpingo wathu, okhala ku Woodlands m'nyumba ya mpanda. Kwaya yathu inali kukonzekera msonkhano wa misasa wa Pasaka, kuseri kwa Chongwe uko, kutchire kopanda mtengo wa magetsi ngakhale umodzi. Tsono anyamata anali atapeza kiyibodi ndi sipika, zinthu zimene zimadya magetsi a pakhoma, a batire sizidya.

"Ba Sakala, mufake invata umu," anatero ba Mwanza akumenya motokayo pambali. "Tifuna kiyibodi ilile mpaka afisi atembenuke mtima!"

Invata, kwa inu osaidziwa, ndi kabokosi kamene kamatenga moto wofatsa wa batire n'kuusandutsa waukali ngati wa m'nyumba. Masiku ano mumangogula m'tauni, kokongola, kachete. Nthawi imeneyo atate ankapanga okha, kukulunga waya wa kopa pa chitsulo cholemera ngati mwana wa miyezi, n'kutsekera m'bokosi la lata.

Motokayo inali yaitali, yopakidwa penti ya buluu yatsopano, koma pamene penti inakandika pankasuzumira mtundu wakuda. Ba Mwanza atatsegula chitseko chakumbuyo, ndinaona kuti mulibe mipando. Pansi panali njanji ziwiri, ndi timawilo tating'ono m'mbali mwake. Timawilo timeneto ndinatidziwa. Ndinatimva tikulira, kwiii, kwiii, tsiku limene bokosi la amama linkalowa. Ndi galasi lapambali lomwe, losweka ngati phazi la nkhuku, ndinalidziwa. Ndinayang'ana atate. Atate anayang'ana batire.

"Inali ya malilo, inde," anatero ba Mwanza, "koma abusa aipemphelela. Manje ni ya amoyo."

Atate anangoti, "Chabwino."

Anaigwira ntchitoyo mothamanga ngati munthu wophika mvula ikubwera. Anaika batire yachiwiri kumbuyo kwa mpando wa dalaivala, namanga mawaya awiri onenepa ngati chala, wofiira ndi wakuda. Bokosi la invata analimangirira ndi mabauti. Waya wotulutsa magetsi anaudutsitsa pansi pa kapeti mpaka kuchitseko chakumbuyo, ndipo kuchokera pamenepo anakoka chingwe chachitali, cholumikizalumikiza ndi tepi, kudutsa pabwalo mpaka pakhonde, n'kukoloweka babu. Atasindikiza swichi, babu linayaka dzuwa likuswa mtengo. Anati azilisiya loyaka masana onse kuti aone batire ipirira mpaka pati.

"Usalowe mu motoka, Tisa," anandiuza. Ine sindinalowe.

Koma bokosi lija linkaimba, abale inu, linkaimba! Mmmmmm, mawu a pansi, osakwera, osatsika, osapumira. Amama ankaimba alito mu kwaya, ndipo akamasesa kapena kusita ankang'ung'udza chimodzimodzi, pakamwa potseka. Ndinali kutsuka mbale pampopi, ndinangozindikira kuti ndikuyankha ndi mawu a pamwamba, ine amene ndinali nditasiya kuimba.

Galu wa bana Mulenga, oyandikana nafe ogulitsa zitumbuwa, ndiye anayamba kuona. Anabwera akugwedeza mchira, nakanunkhiza bampala. Kwee! Anadumpha miyendo yonse inayi, nathawa mchira pamimba, ndipo tsiku lonse anakhala patali akuiyang'ana motokayo, milomo itakwinyika.

"Mayo!" anakuwa bana Mulenga pampanda. "Iyi imbwa yaona chinthu. Iwe Tisa, choka uko! Motoka ya malilo siiwala banthu bake."

Iwo ananena zimenezo kuti andiopseze. Ine mtima unavina. Siiwala anthu ake!

Masana amenewo atate ali pansi pa motoka ina, bwalo lili zii, ngakhale mbalame osalira, ndinayenda chopondaponda mpaka kuchitseko chakumbuyo. Dothi linali lonyowa, lozizira kumapazi. Ndinaika chala chimodzi pachitsulo.

Chinanditsina.

Sikunali kuluma, sikunali kuotcha. Kunali kutsina, kochokera kuchala kukwera mpaka mkati mwa mkono, pofewa paja. Ndipo amama ankatsina, ee, ankatsina! Ndikawodzera m'tchalitchi, nkhope yawo ili kwa abusa ngati mngelo, zala zawo zinkandipeza pomwepo ndithu, pofewa pa mkono. Ndinachotsa chala. Ndinaikanso. Ananditsinanso.

"Amama," ndinanong'ona, "sindikugona."

Kuyambira pamenepo ndinali mwana wachimwemwe m'Kabwata monse. Ndikachoka kusukulu, thumba pansi, ine kumotoka. Ndinkawauza amama zonse: kuti diresi lobiriwira lathina, kuti atate amapsereza ndiwo, kuti nkhuku yawo yamawanga yaswa. Ndikanena, ndinkakhudza chitsulo, iwo n'kuyankha. Ndinkaona atate akutsamira motoka yomweyo ndi thupi lonse, akugwira chitseko, akugwira bampala, osamva kanthu, majombo awo a mphira ali phwa phwa m'matope. Ndinkawamvera chisoni. Ndinkati amama akwiya nawo chifukwa cha ndiwo zopserera, akulankhula ndi ine ndekha.

Kenako kunagwa mvula yotsanzika, yamphamvu, ndipo kunacha bwalo lonse lili thamanda. Atate anayatsa bokosi, nanena kuti akukwera minibasi kupita ku Cairo Road kukafuna fiyuzi yaikulu, kachida kodula moto zikavuta, poti m'bokosi lawo la zitsulo munalibe yokwana. Atangokhota pakona, ine ndinalowa m'madzi mpaka m'kakolo. Tsiku limenelo chala chimodzi sichinandikwane. Ndinagwira chogwirira chitseko ndi chikhatho chonse, ngati mmene umagwirira dzanja la mayi ako podutsa msewu.

Dzanja langa linafumbata lokha. Ndinafuna kulitsegula, linakana. Mano anagundana, m'kamwa munamveka chitsulo, ndipo nyimbo ya bokosi inachoka m'makutu n'kulowa m'mafupa. Mtengo wa mango unayera, khonde linayera, Kabwata yense anayera mbee. Phazi linaterera m'matope, ndinagwa chagada, ndipo kugwako n'kumene kunandizula.

Ndinagona m'madzimo ndikuyang'ana mitambo. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinaseka. Ndinati amama andigwira dzanja, sakufuna kundisiya, abwera kudzanditenga. Koma ndipite bwanji kwa iwo ndi matope chonchi, ndi yunifolomu yong'ambika m'khwapa? Akanditsina njira yonse!

Ndinasamba pampopi. Ndinadzola mafuta, ndinapesa tsitsi. Ndinavala diresi loyera la pa Sondo. Nsapato ndinazinyamula m'manja kuti zisade, monga tinkachitira popita kutchalitchi mvula ikagwa. Ndinakhoma chitseko cha nyumba, kiyi n'kuika pansi pa mwala kuti atate asavutike. Ndipo ndinayamba kuyenda m'madzi muja, ndikuimba, bokosi likundiyankha.

"Tisa! Uyenda kuti?"

Anali atate pageti, kapepala ka fiyuzi kali m'manja.

"Amama anditana," ndinatero, mano onse panja. "Ali mu motoka. Anditsina masiku onse, koma lero andigwira dzanja."

Sindikudziwa mmene anadutsira bwalo lija. Ndinangoona ndili m'mwamba, kenako ndili pakhonde, pouma, iwo akutembenuza chikhatho changa. Panali mzere woyera, wotupa, kuyambira kuchala chachikulu mpaka kuchaching'ono.

"Khala pamenepo. Usasunthe."

Anakhala pasitepe n'kuvula majombo. Mapazi awo anali otuwa, ofewa, ngati a munthu wina. Analowa m'thamanda muja pang'onopang'ono. Atafika pachitseko sanagwire monga ndinkagwirira ine. Anatembenuza dzanja, nakhudza chitsulo ndi kumbuyo kwake. Dzanja linadumpha lokha ngati chule.

Ndinayembekeza kuti athamanga kukazima. Sanathamange. Anaima pomwepo m'madzi, mutu wowerama, bokosi likung'ung'udza, madontho akugwa mumtengo, tho, tho. Milomo yawo inagwedezeka, ndipo ndinamva dzina limene linali lisanamveke m'nyumba mwathu chipitire amama.

"Anabanda?"

Anatembenuzanso dzanja, nakhudzanso. Linadumphanso. Pamenepo anapuma mpweya wautali, nabwerera, navala majombo, nakulunga thumba louma kudzanja. Anakwera m'motoka, anazima swichi, namasula waya wa batire ndi sipanala. Nyimbo inafa. Babu linafa. Bwalo linangotsala bwalo.

Ndinawathamangira n'kuyamba kuwamenya ndi nsapato zanga za pa Sondo, pamsana, pamiyendo, paliponse. "Mwawapha! Mwawapha kachiwiri!" Anandisiya ndimenye mpaka mikono itatopa. Kenako anandinyamula n'kundikhazika m'motoka muja, pakati pa njanji ziwiri, pamene panagona bokosi la amama. Anakweza kapeti.

"Ona."

Waya unadutsa pansi pa njanji, ndipo m'mphepete mwa njanjiyo, mwakuthwa, munali mutadya chikopa chake. Kopa anali pamtunda, akupsompsonana ndi chitsulo. Anandilozeranso chingwe chija pabwalo, pamene tepi inamatuka, pogona m'madzi.

"Moto unalowa m'thupi lonse la motoka," anatero. "Unkafuna njira yobwerera kwawo. Matayala anakana. Majombo anga anakana. Iwe unavomera."

"Si amama?"

"Amako ankakutsina kuti udzuke. Ichi chikanakugoneka." Anasisita njanji ija ndi chala. "Ndine ndinalakwa. Waya suudutsitsa pamalo usanayang'anepo. Koma apa sindinafune kuyang'anapo, Tisa. Ndinangoukankha n'kutuluka."

Ndinawafunsa chifukwa chake anakhudza ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Chikhatho chikamva moto chimafumbata, ndiye chimakupereka," anatero. "Kumbuyo kukamva moto kumathawa. Chinthu chimene sukuchidziwa, uyambe wachipatsa moni ndi kumbuyo."

Madzulo amenewo tinazula njanji tonse awiri, ine ndikugwira bauti, iwo akupotokola. Anadula waya wovulala, naika watsopano, nauveka paipi ya mphira ponse pamene ukanakhudza chitsulo. Fiyuzi anaimanga pafupi ndi batire penipeni. Chingwe cha matepi anachitaya, ndipo anasongola ndodo yachitsulo yoti azikakhomera pansi kumisasa, yolumikiza kuthupi la motoka. Atamaliza anayatsa. Bokosi linayambanso, mmmmmm.

"Khudza," anatero. "Monga ndakuonetsera."

Ndinatembenuza dzanja. Ndinakhudza. Chitsulo chozizira, basi. Ndinakhudzanso, ndinadikira, ndinakhudzanso. Palibe ananditsina. Apo mpamene mwala uja unasweka, abale inu. Ndinalira kulira kumene ndinakusunga chiyambire mvula, ndinalira mpaka bana Mulenga anabwera akuthamanga ndi ufa m'manja kufunsa kuti wamwalira ndani. Anapeza atate nawonso akulira, atakumbatira sipanala.

"Ni amake Tisa," anayankha atate.

Bana Mulenga sanafunsenso. Anapukuta manja pachitenje n'kukhala nafe pansi.

Kumisasa tinapita, ine ndili kumbuyo komweko pa benchi imene atate anakhoma. Kiyibodi inalira, sipika inalira, ndipo ine ndinaimba mpaka mawu kusasa. Afisi sindikudziwa ngati anatembenuka mtima, koma anamva, ee, anamva!

Tsopano ndakula, ndipo manda ndawadziwa njira zake. Ndinaika atate. Ndinaika mwana wanga woyamba. Ndinaika amuna anga, amene tinakhala nawo ku Chelstone mpaka imvi. Ndaona anzanga akugwira akufa awo ndi chikhatho chonse, dzanja n'kufumbata, osadyanso, osasekanso, mpaka tawaperekeza nawonso. Sindiwaweruza, chifukwa kukoma kwake ndikukudziwa, ndinakulawa nditavala diresi loyera. Jekete la amuna anga likadali pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo ndikamadutsa ndimalipatsa moni, inde, tsiku lililonse. Koma ndimalipatsa ndi kumbuyo kwa dzanja. Likanditsina mumtima, dzanja limadumpha lokha, ine n'kuti, "Ndamva, bambo, ndamva," n'kutuluka panja kukayanika zovala.