Kukwera Phiri la Zomba ndi Mafuta a Chiwaya

Tinanyamuka ku Mbedza Loweruka m'mawa, mwezi wa Julaye, mphepo ikulowa mpaka m'mano. Ine ndinavala suti yanga yakuda, ija ndinkapita nayo ku ofesi ndisanapume pa ntchito, chifukwa ulendowu sunali wokangoona malo ayi. Fatsani, mwana wa mchemwali wanga, anali atafunsira mbeta ku Mtiya, mtsikana wotchedwa Esinati, ndipo ine monga nkhoswe ndinali nditatha kale nsapato kupita kumeneko. Malume ake a mtsikanayo, a Namakhwa, mkulu wa mpingo amene anagwira ntchito ya zankhalango moyo wawo wonse, sanatikane koma sanativomerenso. Anangoti, "Mnyamatayo ndimuone kaye. Ndamva ali ndi galimoto. Adzandikweze kuphiri, ndikaone mitengo imene ndinadzala." Tonse tinadziwa kuti chokaonedwa kumeneko sichinali mitengo.

Nkhawa yanga inali galimotoyo. Ndi pikiapu yakalekale ya dizilo, imene Fatsani amanyamulira mbatatesi ndi matabwa. Atatopa ndi kugona pa mizere ya mafuta, anayamba kuyenda m'ziwaya za m'tauni kupempha mafuta otha ntchito, aja akuda amene atopa ndi kukazinga tchipisi. Amawasiya m'diramu kuti zinyenyeswa zikhale pansi, kenako n'kuwasefa pa mwendo wa thalauza lakale. Galimotoyo anaiikira matanki awiri, ina ya dizilo, ina ya mafutawa, ndipo pansi pa chiwongolero pali kampopi kosinthira.

"Ankolo, lamulo ndi limodzi," anandiuza akuliza injini. "Kuliza ndi dizilo, kuzimitsa ndi dizilo. A chiwayawa amalowa pakati pokha, injini ikatentha. Musanazimitse, muipatse kaye dizilo atsuke mapaipi. Mukazimitsa a chiwaya ali m'katimo, akazizira amagona momwemo."

"Ine zimenezo sindinafunse," ndinamuyankha. "Chomwe ndikufuna n'choti lero usandichititse manyazi."

Tinaima pamsika kuti tigule buledi ndi shuga wokapereka ku Mtiya. Mkulu wina wa chiwaya, Che Amidu, atangoona galimotoyo anakweza chipande chake m'mwamba ngati akulonjera m'bale wake.

"Fatsani! Aja ndinakupatsa sabata yatha usawaderere. Munadutsa mbuzi yonona mmenemo. Galimoto yakoyo lero ikwera phiri ikulumpha!"

Fatsani anaseka. Ine sindinaseke, koma ndinalibenso chifukwa chodandaulira, pakuti za mafuta a mbuzi ndinkangodziwa kuti amauma m'kamwa ukachedwa kumwa madzi.

Ku Mtiya tinapeza a Namakhwa atakhala kale pakhonde, atavala chikhoti chofika m'maondo, chipewa kumutu, ndodo m'manja. Esinati anatuluka ndi basiketi ya mbatata yophika ndi fulasiki ya tiyi. Kutsogolo kunali malo a munthu mmodzi, ndipo sipanafunike msonkhano kuti tidziwe mwini wake. Ine, nkhoswe yathunthu ya suti, ndinakwera kumbuyo n'kukhala pa tayala, pambali pa tanki ya mafuta. Esinati anakhala pa thumba mbali inayo. Mwayi wake galasi lakumbuyo linasweka kalekale, moti zonse zokambidwa kutsogolo tinkazimva.

Titadutsa nyumba zakale za boma n'kuyamba chitunda, Fatsani anatembenuza kampopi kaja. Kulira kwa injini kunafewa pang'ono, ndipo fungo linasintha. A Namakhwa anakweza mphuno.

"Kodi alipo akukazinga kuno?"

"Ndi galimotoyi, bambo."

"Oho."

"Oho" ameneyo ndinamunyamula m'mutu mpaka pamwamba.

Amene simunakwerepo phiri la Zomba dziwani kuti msewu wake ndi wa phula koma wopapatiza, ndipo umakhota ngati wosafuna kufika. Mbali ina kuli thanthwe, mbali ina kuli phompho, ndipo tauni imachepa pang'onopang'ono mpaka madenga amaoneka ngati zivundikiro za mapoto. Tinakumana ndi amuna otsitsa nkhuni pa njinga, atazisanja kupitirira mutu, akuzikoka m'malo mokwera. Mmodzi anaima n'kupukuta thukuta, utsi wathu utamupeza.

"Mabwana, imani tigule! Muikemo ndi kabichi!"

Chapatsogolo panali anyani atakhala m'mbali mwa msewu. Kawirikawiri amangoyang'ana galimoto ngati apolisi otopa, koma tsiku limenelo nyani wina wamkulu anadzuka n'kutitsatira kamtunda ndithu, mphuno ili m'mwamba, maso ali pa ine. Esinati anaseka mpaka kugwira chitsulo. Ndinamuuza kuti palibe choseketsa, koma basiketi ya mbatata ndinaibisa kumbuyo kwa miyendo.

Cha m'ma naini tinafika pamwamba. Ogulitsa magalagadeya ndi sitiroberi anatithamangira ndi timbale tawo, koma ataona mtundu wa galimoto anabwerera okha osatchula ndi mtengo womwe. Tinadutsa pa damu la Mulunguzi, madzi ali bata ndi akuda, kenako a Namakhwa analoza ndi ndodo kamsewu kafumbi kolowera m'nkhalango. Tinayenda nako mpaka nkhungu inatiphimba. Kuzizira kwa kumeneko si kwa ku Mbedza. Makutu anga anasiya kukhala anga.

"Apa," anatero a Namakhwa. Fatsani anaponda mabuleki. Nkhalambayo inavula chipewa n'kukweza dzanja. "Zimitsani, tipemphere. Sitingayankhule ndi Mulungu chinthuchi chikutsokomola."

Ndinaona dzanja la Fatsani likupita pa kampopi, kenako likubwerera. Kuti dizilo atsuke mapaipi pankafunika kanthawi injini ikulirabe, koma dzanja la mkulu wa mpingo linali kale m'mwamba ndipo maso anali atatsinzina. Mnyamatayo anapotokola kiyi. Kunati zii.

A Namakhwa sapemphera mothamanga. Anayamba ndi kulengedwa kwa mapiri. Anapempherera mitengo, mvula, boma, odwala, ophunzira, ndi akuba matabwa, amene anawagawa m'magulu awiri, akuba chifukwa cha njala ndi akuba chifukwa cha mwano. Ine ndinatsegula diso limodzi n'kuona Fatsani akuyang'anitsitsa kiyi ngati mwana woyang'ana mpunga wa alendo. Ameni atangomveka, dzanja lake linalumphira pomwepo.

"Siya zimenezo," anatero a Namakhwa. "Bwera undigwire mkono. Miyendo yangayi siikhulupirika."

Ndiye anawagwira mkono. Akanatani?

Tinayenda nthawi yaitali. Nkhalambayo inkatchula chigwa chilichonse, kuti apa tinamanga misasa, apo moto unatizungulira, uko tinkanyamula mbande pamutu. Koma pamene tinafika pamalo penipeni pamene ankafuna, panalibe nkhalango. Panali zitsa zokhazokha, zina zopsa, mpaka kumene nkhungu inatilola kuona. Panatsala mkungudza umodzi wokhota, umene ocheka anaukana. A Namakhwa anausisita ndi chikhatho. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo mkwiyo wonse wa pemphero lija unandithera. Tinakhala pa zitsa zomwezo n'kudya mbatata ndi tiyi, ndipo Fatsani anavula jekete lake n'kufunditsa a Namakhwa m'miyendo.

Tinabwerera ku galimoto dzuwa litapendeka, ngakhale dzuwalo tinkangolimva mbiri. Kamvula ka chiperoni kanali katayamba. Fatsani anapotokola kiyi. Injini inabuula, n'kusiya. Anayesanso. Inabuula motsitsa, ngati munthu amene mukumudzutsa kuti apite kumunda. Anatsika n'kutsegula tanki ya kumbuyo, ine ndinasuzumiramo. Mafuta aja anali atayera n'kugwirana ngati majarini. Mbuzi ya Che Amidu inali itagona m'mapaipi onse.

A Namakhwa anayamba kutsokomola. Apa mantha anandigwira enieni. Kulephera ukwati n'kwina, koma kudwalitsa nkhalamba ya eni pamwamba pa phiri ndi mlandu umene ngakhale suti siingakuyankhire.

Chapansi pang'ono tinaona utsi. Ine ndi Esinati tinatsetserekera komweko n'kupeza mayi wina akuphikira anthu ocheka matabwa, chimphika cha madzi chili pamoto.

"Zikomo mayi, tithandizeni madzi otentha."

"Wakomoka ndani?"

"Galimoto."

Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi. "Imamwa tiyi?"

"Imamwa mafuta a tchipisi," anatero Esinati.

"Ee, abale! Ndiye mwaizolowetsa zabwino." Anatula mphikawo n'kuitana amuna awiri kuti atinyamulire. Iyenso anatitsatira, akuti zoterezi sangachite kumva kwa anthu.

Fatsani anathira madziwo pang'onopang'ono pa sefa ya mafuta, pa pampu ndi pa mapaipi, nthunzi ikukwera. Anatembenuzira kampopi ku dizilo n'kupopa ndi chala mpaka chinachita dzanzi. Koma batire linali litafooka ndi kubuula kuja, choncho panafunika kukankha. Tinakankha ine, Esinati ndi ocheka matabwa aja, a Namakhwa ali phee kutsogolo, mayi uja akuchemerera. Pa chitsikirero galimoto inagwedezeka, inatsokomola, kenako inalira ndi kutulutsa chiutsi cha fungo la mbuzi yokazinga. Inandisiya manja ali m'malere, ndipo ndinagwada m'matope ndi maondo onse awiri.

"Abwana ayamba kupemphera!" anakuwa mayi uja.

Tinayamba kutsika, ndipo injini itatentha Fatsani anabwezera kampopi ku mafuta a chiwaya. Titadutsa damu, a Namakhwa anafunsa, "Chinavuta n'chiyani?"

"Kuzizira, bambo."

"Kuzizira kokha?"

Esinati anasendera pa zenera losweka lija. "Amalume, galimotoyi siizimitsidwa mwadzidzidzi. Imafuna imwe kaye dizilo. Akanadikira pang'ono pokha, bwenzi zonsezi kulibe."

"Iwe Fatsani, unkadziwa zimenezi?"

"Eya, bambo."

"Ndiye unazimitsiranji?"

"Munati tipemphere."

"Nanga pakamwa unasiya ku Mbedza?" Mawu a nkhalambayo anakwera. "Ine za magalimoto ndizidziwira kuti? Ndakalamba, ndimalamula zinthu zimene sindikuzidziwa. Mawa ndidzalamula zolakwika pa moyo wa mwana uyu, iwe n'kungoti eya bambo, eya bambo. Ine nkhalango yonse ija inatha anthu akuti eya bwana. Mwana wa mchemwali wanga ndimupereke kwa munthu woopa kutsegula pakamwa?"

Tinapitiriza kutsika. Anyani aja tinawapeza pomwe paja, koma ngakhale iwo sanatilabadire. Esinati anali atazolika, akupotokola nsonga ya chitenje. Ine ndinkakonza m'mutu mawu okauza mchemwali wanga, ndipo onse ankatuluka oipa. Mtima unkandiwawa chifukwa mnyamatayu ndimamudziwa: ndi wolimbikira, ndipo mtsikanayu amamukonda zenizeni.

Tinafika ku Mtiya cha m'ma faifi, ana akusewera mpira mumsewu. Fatsani anaimika galimoto pakhomo. A Namakhwa sanatsike. Anavula chipewa n'kukweza dzanja.

"Zimitsani, tipemphere."

Fatsani anali akutuluka thukuta, mu Julaye. Dzanja lake linafika pa kiyi, linakhalapo, kenako linatsikira pa kampopi n'kukatembenuza.

"Pepani bambo, sindizimitsa. Imwe kaye dizilo."

"Ndati zimitsa."

"Ndamva, bambo. Koma ndikazimitsa pano igona pakhomo panu mpaka Lolemba."

"Ndiye Mulungu adikire galimoto yako?"

"Amamva ngakhale injini ikulira, bambo."

A Namakhwa anatsinzina n'kuyamba kupemphera mokuwa, kupikisana ndi injiniyo, mpaka anthu oyandikana nawo anatuluka m'nyumba kudzaona kuti kwagwanji. Anathokoza chifukwa cha ulendo, chifukwa cha mayi wa madzi otentha, ndi chifukwa cha mkungudza umodzi uja. Kenako anati, "Ndipo dalitsani mkamwini wathuyu, Ambuye, pamodzi ndi galimoto yake yonunkhayi."

Esinati ananena ameni pemphero lisanathe.

Potsika, nkhalambayo inabweza jekete la Fatsani n'kutembenukira kwa ine. "Ankhoswe, mubwere Loweruka tidzakambe za tsiku. Koma mudzabwere wapansi."

Ndinabwerera ku Mbedza nditakhala kutsogolo, ndili wosangalala ngati wokwatirayo ndine. Unkhoswe ndauyendapo kambiri, ndipo nthawi zonse ndinkalangiza anyamata kuti pamaso pa akuluakulu a kuchikazi azingogwada ndi kuvomera. Fatsani ndinamuuzanso zomwezo m'mawa wa tsiku limenelo. Akanandimvera mpaka madzulo, bwenzi lero alibe mkazi.