Kasefa ka pa Tebo ya Lole ya Amalume

Lole imene ababa ankayendetsa sinali yathu. Inali ya amalume, achimwene awo a amayi, amene amakhala ku boma. Ababa anabwera m'mudzi mwathu kuno ku Biriwiri chifukwa cha ukwati, ndipo munda umene timalima ndi wa kwa amayi. Chimene chinali m'manja mwawo ndi makiyi a loleyo basi. Ankanyamulira anthu mbatata ya kachewere ndi kabichi kupita nazo kumsika.

Ndili folomu wani, tebo ya loleyo inafa. Sindinkadziwa kuti tebo n'chiyani mpaka ababa anabwera nayo kunyumba ili m'thumba la feteleza. Inkaoneka ngati nkhono yaikulu yachitsulo. Anati imakankhira mpweya mu injini kuti galimoto ikhale ndi mphamvu pachitunda, ndipo m'kati mwake muli kachitsulo kozungulira mothamanga kwambiri, kamene kamafuna oyilo woyera nthawi zonse. Amakaniko anali atawauza kuti oyilo wa zinyalala ndiye anaidya.

Amalume anagula ina yakale ku Lilongwe. Poimanga, amakaniko anawonjezera kasefa kakang'ono pa payipi yopititsa oyilo ku teboyo, kuti zinyalala zothawa sefa yaikulu ya oyilo zizigwidwa pamenepo. Tsiku lobweretsa lole, amalume anakhala pakhonde, namwa thobwa, kenaka anati, "Alamu, iyi ikafa, makiyi ndipatsa wina. Sindikukuopsezani, ndikungonena."

Ababa anati, "Ndamva, alamu."

Kwathu sititaya kanthu. Thumba long'ambika limasanduka chingwe, botolo limasanduka nyali. Ababa akachotsa oyilo wakutha mu injini, ankamuthira m'chigubu n'kuika kuseri kwa nkhokwe kuti zinyalala zikhazikike pansi. Kenaka ankamusefa ndi chitenje chakale cha amayi, n'kumawonjezera mu injini oyilo akachepa. Ntchito yogwira nsaluyo m'makona inali yanga. Ndinkagwira mosamala kuti isaterere, ndipo ndinkakonda nthawi imeneyo, chifukwa ababa ankang'ung'udza nyimbo za kutchalitchi ndipo sankandifunsa mafunso.

Tebo yachiwiriyi itabwera ababa anasiya kaye. Koma mvula itayamba, katundu wonyamula atachepa, ndinamva akundiitana kuseri kwa nkhokwe. Amayi anatipeza tili pakati.

"Si zomwezi zinapha yoyamba ija?"

"Nthawi ija sefa inali imodzi. Pano zilipo ziwiri, yachitatu ndi chitenje chanuchi. Chinyalala chidutsa pati?"

"Ine sindikudziwa za magalimoto."

"Ndiye dziwani za ufa. Inu simusefa?"

"Ndimasefa, koma wotayikira pansi sinditola," anatero amayi, n'kubwerera kukhitchini. Ababa anaseka pang'ono. Ine ndinangoyang'ana oyilo akudontha.

M'mawa uliwonse ndikamapita kusukulu, lole inkandipitirira pachitunda cha pafupi ndi mlatho. Ikamakwera inkaimba kamluzu kosalala, ndipo ndinkaizindikira ndisanatembenuke. Patapita masabata angapo kamluzuko kanasintha. Kanayamba kukhala ndi kakukanda m'kati, ngati mpeni pa mwala wonolera. Kumbuyo kunkatsala utsi wotuwa umene kale kunalibe.

Ine kulankhula kumandivuta. Zambiri ndimangolemba m'kope langa n'kutseka. Komanso mwana wamkazi kuuza bambo ake za injini, ndikanayambira pati? Ndinauza amayi tili kuchapa.

"Bwanji osawauza wekha?"

Ndinangopitiriza kuchapa. Iwo anafinya malaya a ababa, nawayanika, ndipo m'mawa mwake anaima pafupi ndi chitseko cha lole ababa asanalize.

"Mwana akuti galimotoyi ikulira mwina."

"Ndili ndi makutu inenso. Ndinaimva kalekale."

"Nanga mukudikira chiyani?"

Ababa anayang'ana chiwongolero. Anati amakaniko aja ndi anzawo a amalume, amakhala mpando umodzi kutchalitchi. Akangotsegula injini aona chimene chathiridwamo, ndipo dzuwa lisanalowe amalume akhala atamva. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ababa ankaopa. Akapita kugalaja, nkhani iululika. Akapanda kupita, tebo ifa. Uku ndi uku, makiyi anali pangozi.

Amayi anati, "Loweruka ndikukagulitsa kabichi ku boma. Tikwera tonse, ndipo tikayambira kugalaja."

Tinapitadi. Ndinakhala pakati pawo, mawondo atapanikizana ndi giya. Pachitunda ababa ankaponda pang'onopang'ono, ngati munthu wonyamula mazira.

Amakaniko anali abambo aafupi, a magalasi omangidwa ndi waya. Anamvetsera injini kanthawi kochepa, naizimitsa, n'kumasula kasefa kaja. Anakagogoda m'mbale yachitsulo. Munagwa phala lakuda, lolimba ngati matope a kudambo. Anatosa ndi kawaya, n'kukweza kanthu kakang'ono m'mwamba kuti aone bwino. Unali ulusi. Atautsuka mu dizilo unaoneka kuti ndi wofiira.

"Achimwene, injini yanuyi imavala chitenje?"

Amayi anagwira pakamwa. Chinali chitenje chawo cha maluwa ofiira.

Amakaniko sanakalipe. Anati kasefako kanagwira ntchito yake, zinyalala sizinafike ku tebo. Koma katadzaza, oyilo nayenso anasowa podutsa, ndipo tebo inkazungulira ndi ludzu. Anati kasefa kotere ndi kogwira tizinyalala tochepa ta mu oyilo wabwino, si koyeretsera oyilo wakutha, ndipo kamafunika kutsukidwa nthawi iliyonse posintha oyilo. Kenaka anachotsa payipi ya mpweya, napisa zala, n'kugwedeza kachitsulo ka m'kati mwa tebo kaja.

"Kakugwedera pang'ono, koma ikhala. Mukanapita nayo ulendo wina wa mbatata, bwenzi tikunena zina."

Ababa sanadikire kuti amakaniko akanene. Anabwereka foni ya amayi, nawaimbira okha amalume. Amalume anafika pa kabaza. Anayang'ana m'mbale muja nthawi yaitali, naugwira ulusi uja, n'kuyang'ana mlongo wawo.

"Nawenso unalimo?"

"Changa ndi chitenje chokha," anatero amayi. "Koma obwera nayo kuno ndi iwowa, isanafe."

Ababa anatulutsa makiyi m'thumba, nawapereka ndi manja awiri. Amalume sanalandire msanga. Anafunsa amakaniko ngati tebo ilidi bwino, nafunsanso kachiwiri. Kenaka anati, "Ikani m'thumba zimenezo, alamu, anthu akutiona. Koma kuyambira lero oyilo musamathire nokha. Muzibwera nayo pano, ine ndilipo."

Anatsitsa oyilo yense, naika watsopano, nasintha sefa yaikulu, n'kutsuka kakang'ono kaja. Kabichi wa amayi anafika pamsika dzuwa lili pamutu, ena atayamba kufota.

Ababa akuyendetsabe loleyo. Tsiku losintha oyilo amavala malaya abwino, n'kukaima pagalaja manja ali kumbuyo, amalume atakhala pampando akuonerera. Akabwerako salankhula zambiri, ndipo ine ndimawapatsira madzi osamba mwamsanga.