Timpunga m'Nyama ya Mbewa

Ku koleji ndinakhalako chaka ndi theka, ndikuphunzira za ziweto. Ndinachokako ndi zinthu ziwiri: lumo lotumbulira, ndi chizolowezi choyankhula ngati ndikudziwa. Zonse ndinafika nazo ku Constantia, kumene ndinkasamala maluwa a mzungu wina.

Akazi anga ali ndi pakati pa miyezi inayi, anayamba kulakalaka mbewa. Ena amalakalaka dothi, ena mango osapsa. Anga anafuna kapuku, mu Cape Town muno. Kuseri kwa mpanda wa bwana kunali tchire, ndiye ndinatcherako misampha. Zinkakodwa za mizere kumsana.

Kwathu ku Dedza mbewa timaiwiritsa ndi mchere mpaka madzi aphwe, kenako n'kuiwamba pampani. Koma ku Mfuleni tinkachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikhosa, ndipo tinkaphikira pakhomo.

"Akangoona mchira mumphika," anatero akazi anga, "mawa lokeshoni yonse iziti Amalawi amadya makoswe."

Choncho ndinkangoziwaula msangamsanga kuntchito, pamoto wa zinyalala, bwana asanatulukire, n'kukulunga m'nyuzipepala. Kunja bii, m'kati psuu. Anadya milungu itatu.

Tsiku lina ndinafuna kudzionetsera kwa mnzanga wa ku Rumphi, wa m'munda woyandikana, amene ankati Achewa tikadzafika kumwamba tidzayamba tafunsa kumene kuli mauna a mbewa. Ndinasenda imodzi ndi lumo lija. M'minofu ya mwendo munali tinthu toyera, ngati mpunga wosweka.

"Adokotala, nanga ichi?" anafunsa.

Ndinakumbuka chithunzi cha m'buku: tizilombo tobisala m'timatumba m'kati mwa nyama. Ndinakumbukanso kuti pali mtundu wina umene umafika kwa mwana m'mimba n'kumuwononga maso kapena ubongo. Zoti mtunduwo ndi uti, zinali mu teremu imene sindinaifike.

Pamzere wa ku kiliniki akazi anga anandikoka malaya.

"Mukanene kuti inali nkhuku."

"Ya mchira wautali choncho?"

"Musandiyalutse, bambo inu."

Nesi atafunsa, ndinaimirira ngati wolengeza maliro, n'kunena m'Chingerezi chonse cha chaka ndi theka kuti mayiwa adya mbewa zosapsa, ndipo wophika ndine. Nesi sanaseke. Ndikanakonda akanaseka.

Adokotala enieni anati timpunga tija mwina si toopsa kwa munthu. Toopsato sitioneka ndi maso, ndipo timafa nyama ikapsa bwino, monga timaphikira kwathu. Magazi anasonyeza kuti tizilomboto tinalowapo m'thupi mwa akazi anga. Koma zoti tinalowa liti, kalekale ku Dedza kapena pamoto wanga wa zinyalala, sanathe kutsimikiza. Anawapatsa mankhwala. Kunyumba akazi anga sanandiyankhule masiku anayi, osati chifukwa chophika mosapsa, koma chifukwa choulula.

Mwana anabadwa wamkazi, zala zonse zilipo. Adokotala anatiuza kuti maso ake tiziwayezetsa, poti vutolo limatha kuonekera patapita zaka.

Atayamba sukulu, m'mawa uliwonse ndinkaima pageti, iye ali pakhomo, n'kukweza dzanja.

"Zala zingati?"

Iye ankayesa ndi masewera a bambo ake. Masiku ena ankalakwitsa dala, kuti aone mmene nkhope yanga ichitire.