Kaloko Kamene Sindinakayang'ane

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, nditangosankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, koma ndinali ndikukodzabe pamphasa. Amayi okha ndi amene ankadziwa. Ankayanika mphasayo kuseri kwa nkhokwe m'mamawa, ndipo dzuwa la ku Bwanje silinkachedwa kuiumitsa. Koma kuhositelo kunalibe nkhokwe yoti n'kubisako kanthu.

Kuchipatala cha pa Sharpevale sindikanapita. Pabenchi yodikirira pankakhala amayi a kutchalitchi kwathu, ndipo munthu ukangokhala pamzere ankakufunsa chimene chakubweretsa. Ndiye ndinapalasa njinga kupita kukashopu ka intaneti, kachipinda konunkha fumbi ndi utsi wa jenereta. Ndinapeza tsamba lina lolonjeza kuyankha mafunso a zaumoyo mwachinsinsi. Ndinalemba dzina langa, mudzi wathu, ndi vuto langa lonse osasiyako.

Sabata isanathe, anyamata kumunda wa mpunga anayamba kunditchula kuti Mpopi. Ndinachita manyazi moti ndinasiya kupita kumpira.

Malume anga a Gomani, amene ankaphunzitsa kusekondale ina, atamva anandibwezera kukashopu komweko. Sanakalipire aliyense. Anatsegula tsamba lija n'kuloza pamwamba, pamene pamalembedwa adiresi.

"Kaloko ukukaona apa?"

Panalibe. Anandifotokozera kuti tsamba lokhala ndi kachithunzi ka loko limakhala ndi satifiketi yotsimikizira kuti ndi lenileni, ndipo zimene walemba zimayenda zitasokonezedwa, moti wozigwira panjira amangoona zopanda mutu. Popanda kaloko, mawu anga anadutsa pakompyuta yaikulu ya m'shopumo ali poyera, ndipo mwana wa mwini shopu, amene ankakonda kusuzumira za makasitomala, anawawerenga onse.

"Wanyamula mpunga m'thumba losasoka," anatero malume. "Usadabwe nkhuku zikukutsata."

Tsiku lomwelo ananditengera kwa adokotala, amene anatseka chitseko tisanayambe kuyankhula. Vutolo linatha ndisanamalize Fomu Wanu.

Masiku ano sindilemba kanthu patsamba lililonse ndisanayang'ane pamwamba paja, ndipo foni ikachenjeza kuti satifiketi ndi yokayikitsa, ndimabwerera. Ndikudziwanso kuti kaloko kamangoteteza mawu panjira, sikanena ngati wowalandirayo ali ndi pakamwa. Matenda aja anatha, koma mawu amene anatuluka sanabwerere. Ndili ndi ana awiri tsopano, ndipo ndikatsika minibasi pa Sharpevale, akabaza amene sanandionepo ndili mwana amandilonjera mwaulemu kuti, "Mwafika bwanji, a Mpopi?"