Manja Amene Anagwira Simba

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, tikukhala kuseri kwa nyumba ya abwana ku Area 10. Bambo anga anali mlonda panyumbapo, ndipo ntchito yodyetsa galu, Simba, inali yawonso. Abwana anangomugula galuyo, koma mwini wake weniweni anali bambo. Akangoimba likhweru, chigalu chonsecho chinkagona chagada ngati mwana wofuna kusewera naye.

Tsiku lina geti linasiyidwa lotsegula pamene galimoto imatuluka. Mayi wina wogulitsa mandasi, amene ankayenda wapansi kuchokera ku Area 1, ankadutsa ndi kamwana kake. Simba anatuluka nkuluma kamwanako pantchafu. Ndinaona mandasi ali mbwee mumsewu, magazi akutsikira m'kansapato.

Mawa lake mayi uja anabwera ndi abale ake, mmodzi atanyamula mpini. "Mutipatse galuyo tithane naye tokha!" Sindingawanene, chifukwa mwanayo anali atagonekedwa m'chipatala. Abwana anawapepesa, nkulonjeza kuti galuyo afa, koma osati ndi mpini. Abwera dokotala wa ziweto ndi jakisoni, imfa yaulemu, yopanda ululu.

Ndinawachonderera bambo kuti timuthawitsire Simba kumudzi. Iwo anandifunsa: "Nanga akakaluma wina kumeneko, iwe udzati chiyani kwa mayi wake?" Ndinawakwiyira.

Dokotala atafika, Simba anauwa mpaka thovu kukamwa, wosalola munthu kuyandikira. Apa abwana anatembenukira bambo. "A Banda, inu amakumverani. Tamugwirani."

Kukana kukanatanthauza kuchotsedwa ntchito nkulongedza katundu, pomwe ife tinalipo ana anayi. Bambo anagwada pansi pa mtengo wa mapeyala, nkuimba likhweru lija. Simba anabwera akugwedeza mchira, nkutsamiritsa mutu pamiyendo pawo. Ankamukanda kuseri kwa khutu pamene singano imalowa. Mchirawo unagunda pansi kangapo, kenaka unaleka.

"Mwaona? Sanamve chilichonse," anatero dokotala, akutseka chikwama chake.

Bambo anakumba okha dzenje kuseri kwa mpanda. Nditawapititsira madzi, ndinawapeza akusisita manja pabuluku mobwerezabwereza, ngakhale analibe dothi lambiri. "Sanamve ululu chifukwa amandikhulupirira," anatero osandiyang'ana. Ine ndinaika kapu pansi nkuchokapo, ndikadali wokwiya. Mpaka lero zimandiwawa kuti tsiku limenelo ndinalirira galu yekha.

Masiku ano ndikamamva anthu pawailesi akukangana za chilango cha imfa, ena akuti chingwe ndi nkhanza, jakisoni ndiye wabwino, ndimavutika kutenga mbali. Ndimakumbukira kansapato ka magazi kaja, ndipo ndimamvetsa mkwiyo wa olira. Koma palibe amene amafunsa za munthu wotumidwa kukagwira mnzake kuti afe mwakachetechete, ndi zimene amapita nazo kunyumba akaweruka. Bambo anagwirabe ntchito panyumba paja mpaka atakalamba, ndipo abwana anagula agalu ena. Ankawadyetsa bwinobwino, koma sindinawamvenso akuimba likhweru.