Che Husseini ndi Mabawuti Odontha

Aliyense wa m'mbali mwa nyanja ya Amaramba amene bwato lake linang'alukapo amawadziwa Che Husseini. Akhala akumata mabwato kuyambira ali mnyamata. Amapala pamng'alu ndi kachitsulo kawo kosongoka, amakhomeramo nsanza, kenaka amathirapo phula lotentha. Kachitsuloko kamakhala m'thumba la malaya awo ndipo salola munthu kukagwira. Phula amalikhulupirira ngati mankhwala. Ndowa ya akazi awo, denga la mzikiti, ngakhale mgolo wa madzi wa kusukulu kwathu, zonse zili ndi zipsera zakuda za dzanja lawo.

Mawondo atayamba kukana kugwada m'matope, anagulitsa maukonde n'kugula kagalimoto kakale konyamulira nsomba zouma kupita ku msika wa ku Insaca. Amakatchula kuti bwato la kumtunda, ndipo m'mawa ana athu amalimbirana kukakankha mpaka kulowa m'kalasi ali thukuta.

Mwana wawo wotsiriza, Nafisa, anadutsa m'manja mwanga, ine mphunzitsi wake. Anali mwana woti ukamupatsa cholembera amayamba wachimasula kuti aone za m'kati. Atamaliza sukulu anapita ku Cuamba kukaphunzira umakaniko, ndipo bambo ake anamulola poganiza kuti akatopa nazo. Sanatope. Atabwerera, a Benedito, amene ali ndi ofisina yokonzera magalimoto ku Insaca, anamulonjeza malo. Koma Nafisa sakanachoka pakhomo popanda mawu a bambo ake, ndipo bambo akewo ankangoti, "Ndiganize kaye." Kwa anthu ankanena kuti akuopa pakamwa pa oyendetsa magalimoto. Akazi awo, mayi Hamida, ankati vuto ndi lakuti nyumba ikhala zii. Miyezi inapita, mpaka a Benedito anatumiza uthenga wakuti sabatayo ikatha atenga munthu wina.

M'sabata yomweyo pampu ya madzi ya kagalimoto kaja inafa. Che Husseini anagula ina n'kuimanga okha, poti iwo amati injini ndi bwato n'chimodzi, zonse zimadana ndi madzi odutsa posayenera. Atathira madzi, mabawuti ena anayamba kudontha. Pa injini imeneyo mabawutiwo amalowa mpaka m'njira ya madzi, choncho madzi amatsata timizere tozungulira ta bawuti, tomwe amakaniko amati mazinga. Mkuluyo sanadandaule. Anasonkha moto, anamasula mabawutiwo, anawakulunga ulusi wa nsanza n'kuwaviika m'phula.

"Ababa, phula lanulo linazolowera madzi ozizira," anatero Nafisa. "Umu madzi ake ndi owira."

"Pamene unkabadwa n'kuti ndikumata kale, mama. Kweza nsomba."

Ananyamuka onse awiri dzuwa litangokwera. Poyamba zinayenda, moti Che Husseini ankayang'ana mwana wawo mwakachetechete kuti aone ngati waphunzirapo kanthu. Injini itatentha, phula linasungunuka. Anayenda ulendo wotsalawo moimaima, akuthira madzi a m'chigubu, mpaka kagalimotoko kanakafikira pa malo amene mwini wake anakhala akuwazemba miyezi yonseyi.

A Benedito, amene anaphunzira ntchitoyi ali wothawa nkhondo ku Malawi, anatuluka akupukuta manja.

"Che Husseini, mwabwera kudzakonza msewu kodi? Fungo la phula lafika inu musanaoneke."

"Ndabwera kudzagula chomatira. Pakamwa panu sindigula."

A Benedito anasuzumira mu injini, anaseka chamumtima, kenaka anatulutsa timachubu titatu n'kutiika pabenchi. "Manja anga ali ndi ntchito ina. Makaniko mwabwera naye. Asankhe yekha."

Koma Che Husseini ndiwo anayamba kutola kofiira. "Aka kamauma gwa?"

"Ngati mwala," anayankha a Benedito.

"Ndiye komweka."

"Ayi, Ababa," anatero Nafisa. "Ako ndi kogwira bawuti kuti isamasuke. Tsiku limene pampuyi idzafenso, bawuti idzathyokera m'kati mwa injini, inu n'kumadzanditukwana ine."

"Nanga aka?"

"Ako kamauma ngati mphira. Kamathandiza pamene zitsulo ziwiri zakumana chafulati. M'mazinga kamanyenyeka, tizidutswa take n'kukatseka rediyeta." Anatenga kachitatu, anafinyira phala loyera pachala cha bambo ake. "Ili analipangira mazinga odutsa madzi otentha. Silisungunuka, komanso siliuma gwa."

Che Husseini analipekesa pakati pa zala, analinunkhiza.

"Thabwa limafufuma m'madzi, limanyala padzuwa," anatero pomaliza, ngati akudziuza okha. "Chomatira chouma gwa chimasweka. Zimenezi anakuuza ndani ku Cuambako?"

"Munandiuza ndinu pa gombe. Kujaku anangowonjeza kuti chitsulonso chimafufuma chikatentha."

Ntchito yovuta inali kuchotsa phula. Linali litakanirira m'mazinga ndi m'mabowo, ndipo phala latsopano siligwira pa chitsulo chakuda. Nafisa anatsuka ndi petulo, anakwecha ndi burashi ya waya, koma zina zinakana. Pamenepo bambo ake anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa kachitsulo kaja n'kumupatsa osamuyang'ana.

Munthu wina woyendetsa shapa, minibasi yonyamula anthu, amene ankadikira tayala lake anasendera pafupi. "Mlongo, manja akudawo adzakupezera mwamuna?"

Che Husseini anadzuka pabenchi, koma Nafisa anawapitirira, mutu uli mu injini. "Adzandipezera wa mabuleki ogwira. Anuwo ndawamva akulira muli kumsika."

Anthu anaseka, woyendetsayo anabwerera ku tayala lake, ndipo Che Husseini anakhalanso pansi akutsokomola chifuwa chimene analibe.

Nafisa anaumitsa mabawuti, anapaka phala lochepa pa mazinga, nsonga yeniyeni anaisiya yosapaka kuti lisagwere m'madzi. Anamanga pang'onopang'ono modumphadumpha, uku kenaka uko, kuti pampu ikhale mofanana. Atadikira kuti phala likhazikike, anathira madzi n'kuliza injini. Inalira mpaka kutentha. Atazimitsa, Che Husseini anagwada, mawondo akudandaula, n'kupititsa nsonga ya mpango wawo woyera pansi pa bawuti iliyonse. Anauyang'ana padzuwa. Unali wouma.

Anadzuka mogwira bampala, anapinda mpangowo mosafulumira, kenaka anatembenukira kwa a Benedito.

"Uyu akagwira ntchito amaiwala kudya. Muzimukumbutsa. Lachisanu masana muzimumasula, ndipo azikagona kwa azakhali ake, osati kwina."

"Ndamva, Che Husseini."

Nafisa anagwada pafumbi la ofisinayo monga amachitira pakhomo, anathokoza ndi mawu otsika, n'kupereka kachitsulo kaja ndi manja awiri. Bambo ake sanalandire.

"Sunga, udzakafuna. Pali magalimoto a anzanga amene ndinawathandiza ndi phula mwezi wathawu. Akubwera."

Masiku ano Nafisa amagwira ntchito ku Insaca ndipo amabwera kwawo Loweruka, pa kagalimoto komweko. Che Husseini akumatabe mabwato akapeza wowagwirira thabwa. Mu bokosi lawo la zida, pambali pa chitini cha phula, muli kachubu koyera kamene sakufuna kuti wina akatsegule. Mgolo wa kusukulu utayambanso kudontha pa mpopi, anabwera, anauzungulira, anafunsa ngati timathiramo madzi otentha. Titati ayi, nkhope yawo inawala, ndipo anatuma ana kukatola nkhuni zosungunulira phula.