Lumo Loyesera Pamkono

Kachipinda kometera ka a Lumo kanatsamira khoma la sitolo ya zitsulo. Munali mpando umodzi wozungulira, benchi, galasi long'aluka pakona ndi lamba wachikopa wokhomeredwa pachitseko. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala, poti mashini ometera iwo ankawatcha zidole za ana. Lumo lawo linali limodzi basi, lopinda, lomwe anawasiyira amalume awo amene anawaphunzitsa ntchito.

Asanamete munthu ankanola lumolo palamba, kenako n'kulidutsitsa pamkono pawo kuti kasitomala aone ubweya ukugwa. Nthawi zina linkapitirira n'kusiya kamzere ka magazi. Iwo ankangolipukuta pathalauza n'kuseka: "Mwaona? Layamba kuluma mwini wake, inu likupatsani ulemu." Nthabwala imeneyi inatha zaka makumi awiri osasukuluka.

Mwana wawo wamkazi atachira movutikira kuchipatala, panafunika magazi, ndipo a Lumo anapinda mkono wa malaya monyadira. Patapita masiku anawaitanitsa. Namwino anatseka kaye chitseko.

"Bambo, magazi anu aja sitinawagwiritse ntchito. Muli kachilombo ka matenda a chiwindi, ka mtundu wa C."

"Inetu sindidwala, mayi. Olo mutu."

"Ndi mmene kamachitira. Kamadya chiwindi mwakachetechete zaka zambiri. Kamayenda m'magazi, kudzera pa jakisoni wobwerekana, lezala, ngakhale mswachi. Katemera palibe, koma mapiritsi alipo, pamiyezi itatu ambiri amachira. Mumagwira ntchito yanji?"

Anayankha ndi mawu apansipansi. Pobwerera anakumbukira kuti amalume aja anamwalira maso ali achikasu, mimba itatupa, anthu onse n'kumaloza chala mowa.

Akazi awo atayezetsa anapezeka alibe, poti mbale ndi kapu sizipatsirana matendawa. "Imwani mankhwala, gulani malezala atsopano, pakamwa mutseke," anawalangiza motero. "Madzi akatayika saoleka. Mukauza anthu tidya chiyani?"

Mayiwo sankanama, ndipo a Lumo anachita mantha. Koma makani omwe anawakanitsa mashini anawakanitsanso kukhala chete. Lumo analikulunga m'nyuzipepala n'kuliponya pansi pa kabati. Aliyense wokhala pampando ankauzidwa asanapakidwe sopo: "Achimwene, mukayezetse magazi. Mwina ndinakupatsani matenda."

Ena anadzuka thaulo lili m'khosi. Wina anawatukwana mpaka wa m'sitolo ya zitsulo anatuluka kudzaonerera. Nkhani inathamanga msewu wonse, inafika kumapeto itasanduka yakuti a Lumo atsala madzi amodzi. Pabenchi panayamba kutera ntchentche zokha.

Loweruka lachitatu kunabwera makaniko wa njinga zamoto, amene ankameta pamenepo chiyambire ali ndi tsitsi lakuda. Anakhala pampando osapereka moni, n'kuika kapepala ka kuchipatala pafupi ndi sopo.

"Ndili nako, achimwene."

A Lumo anayamba kupepesa, koma makaniko anawadula pakamwa.

"Zopepesazo musiye. Akudziwa ndani, mwina ndinakupatsani ndine. Mukanapanda kunena, bwenzi ndikungoyenda nako ngati chikwama." Makaniko anatsamira n'kutseka maso. "Koma metani msanga, ndikufuna ndibwerere kuchipatala. Ndasiya mwana wanga woyamba pamzere woyezetsa. Kunyumba lezala timathyola pakati, theka ine theka iyeyo, ndipo likasowa lake amatenga langa."

A Lumo anang'amba kapepala ka lezala latsopano pamaso pake, monga ankachitira tsopano ndi aliyense. Sopo anali atapaka kale, ndiye anayamba kumumeta.